Mizukwa ya ku Korea ikutikumbutsa kuti mlandu suola

Aliyense wodutsa pa Golomoti dzuwa litapendeka, pamene msewu wa kunyanja umakumana ndi uja wotsika ku Khwekhwerere ndi winanso wolowera ku Monkey Bay, amamva phokoso lochokera m'tinyumba ta vidiyo, momwe ma DJ athu amamasulira mafilimu akunja m'Chichewa chothira nsinjiro. Kale munkamveka nkhonya za ku China ndi kulira kwa ku Nigeria basi. Masiku ano mwalowanso masewero a ku Korea, aja a mafumu ovala mikanjo yofiira, nduna za zipewa zakuda, akazi a mfumu othirirana mankhwala ndi mizukwa yoyenda usiku m'bwalo la nyumba yachifumu. Anzawo a m'matauni akuonera omwewo pa mafoni ndi pa Netflix.

Makolo ena ndi akuluakulu ena a mipingo sakukondwa. Akuti izi ndi zausatana, zikuononga ana, ndipo boma lichitepo kanthu. Ine ndikuti tisathamangire kuletsa. Inu amene munabwerako ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London mukudziwa bwino kuposa ine, amene ndinabadwa Kamuzu atatsika kale pa mpando, kumene njira yoletsayi imathera. Lamulo la 1968 lopima mafilimu, mabuku ndi masewero linabwera ndi mawu okoma oteteza khalidwe, koma mapeto ake linasanduka chikwanje chodulira chilichonse chimene chikadakhumudwitsa akuluakulu. Dziko lino linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Tsono tisanaitane apolisi, tiyeni tiyambe taona chimene chili m'masewerowa, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa.

Titenge lotchuka kwambiri, Kingdom, lomwe analemba ndi mayi Kim Eun-hee ndipo linatuluka pa Netflix mu January 2019. Nkhani yake ikuchitika m'nthawi ya mafumu a Joseon, amene analamula Korea kuyambira 1392 kwa zaka zoposa 500. Mfumu yamwalira, koma nduna yaikulu, Cho Hak-ju, yemwenso ndi bambo wa mfumukazi, sakufuna kuti anthu adziwe. Imfa ikalengezedwa, ufumu ugwera Lee Chang, mwana wa mfumuyo mwa mkazi wina wapambali, pamene banja la a Cho likudikira kuti mwana wawo abereke mwana wamwamuna wodzalowa ufumu. Choncho akuitana sing'anga kuti adzutse mtembowo ndi kazitsamba kena. Mfumu ikudzukadi, koma ngati chilombo chodya anthu, chomangidwa ndi unyolo kuseri kwa katani, ndipo kunja akulengeza kuti mfumu ikungodwala. Mnyamata wothandiza sing'anga ataphedwa ndi chilombocho, mtembo wake ukupita ku kachipatala ka ku Dongnae, komwe odwala akufa ndi njala. Wina akuwaphikira nyama ya mtembowo iwo osadziwa, ndipo mliri ukuyambira pomwepo.

Wolembayo sanabise chimene akutanthauza. Bodza likuyambira ku nyumba yachifumu, koma oyamba kufa nalo ndi anthu anjala a kumudzi.

Mmalawi wa zaka zanga akaona zimenezi sasowa womumasulira. Pa 5 April 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anagwa ku nyumba ya boma ku Lilongwe ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Mtembo unakwezedwa ndege kupita ku South Africa ngati wodwala wokalandira chithandizo. Usiku wa pa 6 April nduna 6 zinaonekera pa wailesi yakanema ya boma kudzatiuza kuti wachiwiri kwa pulezidenti, Mayi Joyce Banda, sangalowe m'malo chifukwa anayambitsa chipani chawo. Imfa inalengezedwa pa 7 April, tsiku lomwe Mayi Banda analumbira. Zonsezi zinalembedwa m'lipoti la bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Elton Singini, lomwe linatuluka mu 2013. Mayi Kim sankaganiza za Malawi polemba sewero lawo. Kungoti matenda obisa imfa ya mfumu pofuna kusunga mpando ndi akale, ndipo alibe mtundu.

Mtundu wachiwiri wa masewerowa ndi wa mzukwa wodandaula. Ku Korea kuli nthano ya mtsikana wotchedwa Arang, mwana wa bwanamkubwa wa mzinda wa Miryang, yemwe anaphedwa ndi wantchito wina mtembo wake n'kubisidwa m'nsungwi. Anthu anangoti mtsikanayo wathawa ndi mwamuna, ndipo bambo ake anatula pansi udindo ndi manyazi. Kuyambira pamenepo bwanamkubwa aliyense watsopano ankapezeka atafa m'mawa wa usiku wake woyamba. Mzukwawo sunkawapha dala. Unkabwera kudzasuma mlandu, koma akuluakuluwo ankafa ndi mantha usanayambe n'kulankhula komwe. Kenaka panabwera munthu wolimba mtima amene anakhala pansi n'kuumvetsera, anafufuza, anagwira wakuphayo, mtembo unaikidwa mwaulemu, ndipo mzinda unapeza mtendere. Kachisi wokumbukira Arang alipo mpaka lero ku Miryang, ndipo wailesi yakanema ya MBC ya ku Korea, yomwe ndi ina osati yathuyi, inapanga sewero la Arang and the Magistrate mu 2012 potengera nthanoyi. Mu 2025 wailesi ya SBS inaonetsa The Haunted Palace, momwe chiwanda chachitali chikuzunza banja lachifumu kaamba ka magazi amene makolo a mfumu anakhetsa kalekale.

M'nkhani zonsezi mzukwa ndi munthu amene bwalo la amoyo linamukana. Sachoka ndi kuthiridwa madzi kapena kukalipiridwa. Amachoka wina akamva dandaulo lake n'kutchula dzina la wolakwa poyera. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Makolo athu a ku Mua ndi Mtakataka ankadziwa kuti munthu amene sanaikidwe mwamwambo, amene sanamulire, kumumetera ndi kumuphikira mowa wa bona, sakhazikika pakati pa mizimu ya makolo. Amasanduka chiwanda chovutitsa mudzi mpaka otsala atakonza chimene chinalakwika. N'chifukwa chake Kasiyamaliro amatuluka pa maliro, kuti aperekeze womwalira ndipo asatsale m'mudzi.

Dziko lino lili nawo anthu otere ambiri. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma linalengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto. Abale awo sanaloledwe kulira maliro monga mwa mwambo. Bungwe lofufuza la Justice Harry Mtegha, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994, linapeza kuti anthuwa anachita kuphedwa ndi apolisi, koma mu December 1995 khoti linamasula Dr. Banda, a John Tembo ndi anzawo. Mu September 2011 wophunzira wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulu pomwepo. Apolisi anati wadzipha, koma bungwe lofufuza la 2012 linati anaphedwa. Mu July 2015 mkulu wina wa bungwe lothana ndi katangale, a Issa Njauju, anapezeka atakwiriridwa m'mbali mwa mtsinje ku Lilongwe. Maina awa amabwerabe pa chisankho chilichonse, m'nyimbo, pa maliro ndi m'mabala. Amabwera chifukwa bwanamkubwa wolimba mtima uja, wokhala pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto, sanafike. Akuluakulu anati mlandu suola.

Funso limene likundisowetsa tulo ndi lakuti, bwanji anthu a ku Korea amatha kuonetsa mafumu awo akunama, akupha ana awo ndi kuthamangitsidwa ndi mizukwa, dziko lonse n'kumaombera m'manja? Yankho lina lili m'mabuku. Mafumu a Joseon anali ndi alembi a mbiri amene ankakhala pafupi ndi mfumu tsiku ndi tsiku kulemba zonena ndi zochita zake, ndipo mwambo unali wakuti mfumu isawerenge zimene alemba za iyo. Mu 1404 Mfumu Taejong inagwa pa kavalo ikusaka nyama, ndipo inauza anthu ake kuti alembi asamve. Alembiwo analemba za kugwako, n'kulembanso kuti mfumu inalamula kuti iwo asamve. Sikuti kunali ku paradaiso. Mu 1498 Mfumu Yeonsangun inaphetsa mlembi Kim Il-son kaamba ka zimene analemba. Komabe ntchito sinaime, ndipo lero pali mabuku 1,893 a mbiri ya mafumu 25 pa zaka 472, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake mu 1997. N'chifukwa chake mwana wasukulu ku Korea amadziwa kuti mu 1762 Mfumu Yeongjo inatsekera mwana wake Sado m'bokosi losungira mpunga mpaka anafa patapita masiku 8. Wolemba sewero kumeneko amangotapa m'nkhokwe yodzaza kale.

Kwathu kuno mlembi wotere akadagona m'chitokosi. Mu March 2005 kunamveka kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wasamuka m'chinyumba cha zipinda 300 chimene Kamuzu anamanga ku Lilongwe, poopa mizukwa. Pulezidentiyo anakana kwamtuwagalu. Kukana kokhako kukadakwana, anthu akadaseka n'kuiwala. Koma apolisi anakanjata atolankhani Raphael Tenthani wa BBC ndi Mabvuto Banda wa The Nation, ndipo dziko lonse lapansi linamva za mizukwa ya ku Lilongwe. Taejong analephera kufafaniza kugwa kwake pa kavalo zaka 600 m'mbuyomo, ndipo atsogoleri athu sanaphunzirepo kanthu.

Koma chimene chikundipweteka koposa chili pafupi ndi tinyumba ta vidiyo tija. Wachinyamata wa pa Golomoti amene akutchula maina a mafumu a Joseon ngati a amalume ake, atakwera njinga kulowera ku Mtakataka afika pa Mankhamba, pamene panali likulu la a Kalonga, mafumu a ufumu wa Maravi umene dziko lino linatengako dzina. A Kalonga ankalamula pamenepa nthawi imodzimodzi ndi mafumu a Joseon. Katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo n'kupeza mikanda yagalasi, zibangili za minyanga ya njovu, zinthu zamkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo anafotokoza zonsezi m'buku lake la 2020. Tanthauzo lake n'lakuti katundu wa kum'mawa kwa dziko lapansi anafika m'dera lino zaka mazanamazana kusanabwere vidiyo.

Nanga ziwembu za kubwalo la mfumu zinalibe? Zinalipo zambiri. Ufumu wa Kalonga unkayenda kuchikazi, ndipo wolowa ufumu ankayenera kuchokera mwa Nyangu, mayi wa fuko la a Phiri, pamene mkazi wamkulu wa mfumu, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Mbiri ya makolo imati Undi atamanidwa ufumu anakwiya n'kusamukira ku Maano, m'dziko limene lero ndi Mozambique, atatenga Nyangu ndi mbumba yachifumu, kusiya Mankhamba opanda chitsime cha mafumu. N'chifukwa chake lero Achewa a m'maiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia. Kaphiti ndi Lundu nawo anapatuka kulowera ku chigwa cha Shire. Muzura, amene ambiri amamuwerengera pa mndandanda wa a Kalonga, anathandiza Apwitikizi ndi ankhondo ake 4,000 mu 1608, kenaka n'kugwiritsa ntchito mfuti za Apwitikizi omwewo pogonjetsa Lundu. Kalonga Sosola anafa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo ndi Ayao. Patapita zaka zochepa Angoni a Maseko anagawikana pakati pa nyumba ya Chikuse ndi ya Chifisi, ndipo nkhondo ya pachiweniweni ya m'ma 1890 ndiyo inatsitsa Kachindamoto kuchoka kumapiri kudzakhala ku Mtakataka.

Ngati mukufuna mzimu wodandaula, tili naye Mbona, mvumbitsi wa mvula amene anathawa nsanje ya akuluakulu, anaphedwa n'kudulidwa mutu, ndipo mafumu amene analola imfa yake ndi omwe anakakamizika kumumangira kachisi ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Steve Chimombo analemba sewero la The Rainmaker pa nkhaniyi, Matthew Schoffeleers analemba buku la River of Blood mu 1992, ndipo Samuel Ntara anatisiyira Mbiri ya Achewa kalekale. Nkhokwe yathu si yopanda kanthu. Kungoti makiyi ali ndi anthu ochepa a ku yunivesite, ndipo zambiri zili m'Chingerezi. Ine ndinapondako ku yunivesite ndisanasiyire panjira, ndipo ndikudziwa kuti mabukuwa alipo, koma mlimi wa thonje wa ku Golomoti sadzawaona.

Oletsa aja akapite ku Mua akaphunzire. Ansembe a White Fathers anafika kumeneko mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri, makamaka m'ma 1920, analimbana ndi zinyau pofuna kuti zitheretu. Sizinathe. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni pa mishoni yomweyo, ndipo lero nyumba ya Chamare ikusunga zigoba za gule zoposa 400. Mu 2005 UNESCO inalengeza kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko. Chimene mpingo unkachitcha chausatana dzulo, lero alendo akuchilipirira pakhomo la mpingo womwewo. Ndipo gule ameneyu ndi sewero la mizimu lomwe lakhala likuseka atsamunda, ansembe, mafumu adyera ndi andale, anthu wamba akamaopa kutsegula pakamwa.

Sindikunena kuti odandaulawo alibe mfundo. Kingdom ili ndi magazi ambiri ndipo si ya mwana wa sitandade 4. Mwini vidiyo amene amalowetsa ana nthawi ya sukulu, kapena kuwaonetsa anthu akudyana, akulakwa, ndipo makomiti a sukulu ndi mafumu ali ndi mphamvu yokambirana naye popanda kudikira lamulo lochokera ku Capital Hill. Palinso nkhawa ina yaikulu. M'dziko muno mantha a zamizimu amapha anthu enieni. Mu January 2016 agogo 4 anaphedwa ku Neno powaganizira za ufiti, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena. Wina angafunse ngati kuonetsa mizukwa si kuthira mafuta pa moto umenewu.

Ine ndikuona kusiyana kwakukulu. Mphekesera zathu zimaloza chala pansi, kwa gogo wamasiye, kwa mlendo, kwa wodwala misala. Masewero a ku Korea amaloza chala kumwamba, kwa wokhala pa mpando, ndipo amafuna umboni. Mu Kingdom ngwazi ina ndi namwino wotchedwa Seo-bi, amene pomwe ena akuthawa kapena kunamizira adani awo, iye akufufuza chitsamba chija, kuyesa ndi kuona chimene chikuyambitsa mliri. Bwanamkubwa wa Arang sanaotche nyumba ya munthu pongomuganizira. Anafufuza kaye n'kuzenga mlandu. Mwana amene waphunzira zimenezi sadzatola mwala kukagenda agogo ake.

Tsono ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, nthambi ya boma yoona za malo akale iteteze Mankhamba mogwirizana ndi mafumu a m'dera la Kachindamoto, paikidwe zikwangwani za m'Chichewa pa msewu wa kunyanja, ndipo sukulu za ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka zizitengerako ana. Malo amene dziko linatengako dzina asamangodziwika kwa alendo. Chachiwiri, nyumba zoulutsa mawu zipereke mpata ku masewero a mbiri yathu. Sitingapikisane ndi ndalama za Netflix, koma sewero la pa wailesi silifuna nyumba yachifumu yomanga ndi njerwa, ndipo dziko limene linaleredwa ndi Kapalepale ndi Pamajiga silisowa omvera. Akatswiri a mafilimu monga Shemu Joyah ndi Joyce Mhango Chavula aonetsa kale kuti luso lilipo. Olembawo akhale pansi ndi eni mwambo, chifukwa za kudambwe zili ndi malire ake, ndipo Angoni, Ayao ndi Achewa a lero ndi apabanja, kotero nkhondo za makolo zifotokozedwe mosakolezera udani.

Chachitatu, malipoti onse a mabungwe ofufuza imfa za anthu, kuyambira la Mwanza mpaka la ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya pa 10 June 2024 imene inapha Dr. Saulos Chilima ndi anthu ena 8, amasuliridwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo aikidwe m'malaibulale a m'maboma. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo ufulu wolembedwa m'chilankhulo chimene mwini wake samva ndi wa papepala chabe. Chachinayi chikupita kwa inu amene munakhala kunja zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, ndi inu amene munagona ku Mikuyu ndi ku Dzaleka. Ambiri a inu mwakalamba. Lembani, kapena itanani adzukulu akujambuleni mawu pa foni, ndipo zolembazo zikasungidwe ku National Archives ku Zomba. Alembi a Joseon anafa kalekale, koma chifukwa analemba, mafumu awo akuyankhabe milandu pa kanema mpaka pa Golomoti.

Achinyamata aja asiyeni aonere. Akatuluka m'kanyumba ka vidiyo, pakhale munthu wowalozera njira ya ku Mankhamba n'kuwauza kuti Nyangu anali ndani, Undi anachokeranji, ndipo ku Thambani kunachitika zotani. Tikapanda kutero adzakula akudziwa chifukwa chimene Sado anafera m'bokosi la mpunga, osadziwa chifukwa chimene agogo awo amatsitsa mawu akamatchula chaka cha 1983.